Kuyeza Nzeru za Mwana Amene Sangathe Kuyankha

Pa zinthu zonse zimene timayeza mwa mwana wamng'ono, kulemera ndiko kosavuta. Mwana amalowetsedwa m'kathumba ka sikelo, amapachikidwa, amalira, mlangizi wa zaumoyo amawerenga nambala n'kuika kadontho m'buku, ndipo mayi aliyense wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amadziwa kuti mzere ukamakwera zinthu zili bwino, ukamatsika pafunika kuchitapo kanthu. Msinkhu umayezedwa pa thabwa, mkono umayezedwa ndi kalamba ka mitundu itatu. Koma funso limene makolo amabwera nalo kwa ife aphunzitsi a ana olumala silikhala la kulemera. Amafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu m'mutumu muli bwinobwino? Amamva zimene timanena? Adzaphunzira?" Akatswiri apanga zida zambiri pofuna kuyankha mafunso amenewa, ndipo n'kofunika kuti makolo ndi aphunzitsi azidziwe bwino, chifukwa zimene zimalembedwa pambuyo pa kuyezako zimamutsata mwana zaka zambiri.

Ndagwira ntchito ndi ana a zosowa zapadera kuno ku Mzuzu kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo zimene ndaona n'zakuti palibe chida chimene chimaona nzeru mwachindunji. Chilichonse chimapempha mwana kuti aonetse zimene akudziwa kudzera m'njira inayake, kaya ndi manja, pakamwa, makutu kapena maso. Ulumali wake ukakhala kuti watseka njira imeneyo, pepala limalemba kuti mwana sakudziwa, pamene zoona zake n'zakuti sanathe kuyankha. Kusiyanitsa ziwirizi ndiyo ntchito yaikulu ya aliyense woyeza, ndipo ndi pomwe ambiri timafulumirapo.

Ana ofunika kuunikidwa kwathu kuno si ochepa. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ofufuza za malungo a ku Blantyre, amene anatsatira ana ochira malungo a muubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth, anasindikiza mu 2010 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto, kaya khunyu, ulumali wina watsopano kapena kusintha kwa khalidwe. Onjezanipo ana obanika pobadwa, amene anadwala chikasu chachikulu ali akhanda, ndi amene anapulumuka matenda oumitsa khosi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 alionse ali ndi ulumali, koma nambala imeneyo inali ya anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, choncho makanda amene ndikuwakamba pano sali m'menemo.

Mbiri ya zida zoyezera si yaitali kwenikweni. Mu 1905 ku Paris, Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso ofuna kuzindikira ana asukulu amene ankafunika chithandizo chapadera. Arnold Gesell wa pa yunivesite ya Yale anaonerera ndi kujambula makanda ambirimbiri, n'kulemba msinkhu umene ambiri amayambira kukhala, kukwawa ndi kuyenda. Ruth Griffiths anatulutsa mayeso ake ku Britain mu 1954, a Denver anatuluka mu 1967, ndipo a Nancy Bayley, amene mpaka lero ofufuza ambiri amawatenga ngati muyezo wa ana osapitirira miyezi 42, anatuluka mu 1969. Onsewa amagwira ntchito mofanana. Amatenga ana ambiri amene akukula bwino, amaona zimene amatha pa msinkhu uliwonse, kenako mwana woyezedwayo amayerekezedwa ndi gululo. Choncho nambala imene mwana wapeza ilibe tanthauzo payokha mpaka titafunsa kuti gulu loyerekezeralo linali la ana a kuti, oleredwa motani, oseweretsa chiyani.

Funso limeneli analiyankha bwino ndi Robert Serpell, katswiri amene wakhala zaka zambiri ku Zambia. Mu kafukufuku amene anasindikiza mu 1979, anapempha ana a ku Zambia ndi a ku England kuti atsanzire zithunzi zofanana m'njira zosiyanasiyana. Atapatsidwa pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Atapatsidwa waya kuti apinde, ana a ku Zambia anapambana. Atapatsidwa zoumbaumba, magulu awiriwo anafanana. Aliyense amene waonapo anyamata a ku Masasa akuyendetsa galimoto zamawaya zokhala ndi chiwongolero chotembenuzadi mawilo sangadabwe ndi zimenezi, komabe panafunika munthu woti aziyeze n'kuzilemba kuti akatswiri anzake avomereze kuti luso limene mayeso apepala ankati ana akuno alibe linalipo, kungoti linkafunsidwa m'njira yachilendo. Kuchokera pa maganizo amenewa kunabadwa mayeso otchedwa Panga Munthu, momwe mwana amaumba munthu m'malo momujambula.

Kwathu kuno ntchito yofanana ndi imeneyi inatsogoleredwa ndi Melissa Gladstone, dokotala wa ana wa ku Liverpool, pamodzi ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre. Anayamba ndi kuyesa kusintha mayeso a kunja, n'kuona kuti mbali yovuta koposa ndi ya kakhalidwe ndi kudzisamalira. Mwachitsanzo, m'mayeso a Denver muli funso loti kodi mwana amatha kudzikonzera chakudya cham'mawa cha m'paketi chija amathira mkaka, ndi lina loti kodi amasewera masewera a makadi kapena a pabolodi. Mwana wa kumudzi amalephera mafunso otere ngakhale atakhala wochenjera chotani. Motero anakhala pansi ndi amayi, abambo ndi agogo n'kuwafunsa kuti iwo amadziwa bwanji kuti mwana akukula bwino, ndipo mayankho ake anali oti aliyense wa ife akanawanena: mwana wodziwa ulemu, wotumika, wothandiza ntchito zapakhomo, wodziwa kukhala ndi anzake. Chida chimene chinatuluka, Malawi Developmental Assessment Tool kapena kuti MDAT, chinasindikizidwa mu 2010. Chili ndi zinthu 136 zoyesa, 34 pa gawo lililonse mwa magawo anayi, omwe ndi kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka manja, chilankhulo ndi kakhalidwe, ndipo miyezo yake inachokera kwa ana oposa 1,400 a m'chigawo cha kummwera, kuyambira obadwa kumene mpaka a zaka 6. Lero chikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa za sayansi zimene mayiko ena anadzatenga kwa ife.

Kuyeza kwa mtundu umenewu kumachitikira pamphasa. Woyeza amakhala pansi, mwana ali pamiyendo ya mayi ake, ndipo zipangizo zake n'zoti zimakwana m'kadengu: timatabwa tosanjikiza, kapu, mpira, kansalu, botolo, njere za chimanga kapena nyemba. Amaika njere imodzi patsogolo pa mwana n'kuona ngati aikumba ndi dzanja lonse kapena aitola ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Amabisa kanthu pansi pa kansalu mwana akuona, ndipo ngati mwanayo avundukula kansaluko, ndiye kuti wayamba kudziwa kuti chinthu chosaoneka sichinathe. Zina, monga kudya yekha kapena kunena akafuna kudzithandiza, amafunsa mayi. Zonse zimatenga pafupifupi theka la ola, ndipo woyeza amasiya gawo mwana akalephera zinthu zingapo motsatizana. Ine ndimachikonda chida chimenechi, ndipo ndikanakonda chikanafika pa sikelo iliyonse ya m'chigawo chino. Koma taonani kuti pafupifupi chilichonse chimene ndatchulachi chimadalira manja. Mwana amene manja ake samvera sangatole njere, sangavundukule kansalu ndipo sangasanjikize timatabwa, ngakhale atadziwa bwinobwino chimene akufunsidwa.

Ndikukumbukira mtsikana wina wa zaka pafupifupi zinayi wa cerebral palsy, ulumali wa kayendedwe ka thupi wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, amene agogo ake anabwera naye atamubereka kuchokera cha ku Zolozolo, m'mawa wina wa mvula yamawawa. Manja ake anali ofumbata, khosi losalimba, ndipo akafuna kugwira kanthu thupi lonse linkauma n'kubwerera chambuyo. Kapepala kamene anabwera nako kanali kolembedwa kuti nzeru zake n'zofanana ndi za khanda la miyezi yochepa. Agogowo sanatsutse pepalalo, koma anandiuza m'Chitumbuka kuti mdzukulu wawoyo amaseka nthabwala isanathe, ndipo amadziwa tsiku lopita kutchalitchi akangoona nsalu imene agogo atulutsa. Tinamukhazika bwino, msana ndi mutu zitatsamira, chifukwa mwana amene akulimbana ndi kugwa sangaike mtima pa china chilichonse. Ndinaika kapu mbali ina, nsapato mbali ina, motalikirana, ndipo ndinati, "Agogo, mufunseni inuyo, koma musayang'ane kumene kuli chinthucho." Atafunsa kuti kapu ili kuti, maso a mwanayo anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pa kapu. Tinasinthanitsa malo, tinabweretsa supuni, sopo ndi nthochi, kenako tinayamba kufunsa za ntchito ya chinthu osatchula dzina lake, monga kuti timasambira chiti, ndipo maso ake ankafika pomwepo.

Kuyeza kotere kuli ndi misampha yake, ndipo munthu wokonda mwanayo ndiye amakodwamo msanga. Zinthu zikakhala ziwiri zokha, ngakhale wongolota amakhoza theka, choncho pafunika kubwereza kambiri, kusinthasintha mbali ndi kuonjezera zinthu kuti zikhale zitatu kapena zinayi. Wofunsa akamasuzumira kumene kuli yankho, mwana amatsatira maso ake osati mawu ake. Ndi bwinonso kuti wina amene sanamve funso akhale kutsogolo n'kumanena kumene mwana wayang'ana. Zimenezi zikatsatidwa, maso amakhala umboni wodalirika ngati dzanja.

Njira yofunsa mwana kudzera m'maso inayambira kwa ofufuza makanda, amene vuto lawo linali lomweli, poti khanda lililonse sililankhula ndipo sililoza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Robert Fantz wa ku Cleveland ankagoneka makanda m'kabokosi kokhala ndi zithunzi ziwiri pamwamba, iye n'kumasuzumira pa kabowo ndi kuwerengera nthawi imene khanda layang'ana chithunzi chilichonse. Anapeza kuti makanda amakonda zamizeremizere ndi zooneka ngati nkhope kusiyana ndi zosalala, zomwe zinasonyeza kuti amaona ndipo amasiyanitsa zinthu kuyambira masiku oyambirira. Anthu ena anapitiriza. Khanda likaonetsedwa chithunzi chimodzi mobwerezabwereza limatopa nacho, ndipo likaonetsedwa chatsopano pambali pa chakalecho limayang'ana chatsopano, kutanthauza kuti lakumbukira chakale. Joseph Fagan anapanga mayeso a makanda kuchokera pa mfundo imeneyi. Davida Teller anaigwiritsa ntchito poyeza maso: khadi lotuwa limakhala ndi mizere yakuda ndi yoyera mbali imodzi ndi kabowo pakati, woyeza amabisala kuseri kwa khadilo, ndipo amapitiriza kuonetsa makhadi a mizere yopyapyala mpaka mwana asiye kutembenukira mbali ya mizereyo. Pamenepo ndiye pamathera kuona kwake, ndipo wayezedwa osatchula chilembo n'chimodzi chomwe.

Masiku ano ntchito yosuzumira pa kabowo imagwiridwa ndi makina. Kachipangizo koikidwa pansi pa sikirini ya kompyuta kamatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, kamera imaona pamene kuwalako kwagunda pa diso, ndipo kompyuta imadziwa malo enieni amene mwana akuyang'ana kambirimbiri pa sekondi imodzi. Si nkhani ya kunja kokha. Mu 2017 ofufuza a ku Tampere m'dziko la Finland pamodzi ndi a ku College of Medicine anasindikiza zimene anapeza atayeza motere makanda a miyezi 9 a ku Mangochi ndi a ku Finland, ndipo makanda ambiri a kuno anamaliza mayesowo bwinobwino, amayi awo ali okhutira. Ku Gambia, gulu la Clare Elwell ndi Sarah Lloyd-Fox lakhala likuveka makanda kachipewa kotumiza kuwala kudutsa chigaza, n'kumayeza mmene magazi akusinthira m'mbali za ubongo pamene khanda likuona nkhope kapena kumva mawu a munthu. Palinso EEG, mawaya omatidwa kumutu oyeza magetsi a muubongo, amene phindu lake lalikulu kwa ana athu ndi pa khunyu, makamaka lija losagwetsa, longochititsa mwana kuti tong'o kwa kanthawi, limene m'kalasi limatengedwa ngati kusamvera.

Makina amenewa ndimawalemekeza, koma sindiwayembekezera kuti atithetsere vuto posachedwa. Mphamvu yawo ili poyerekeza magulu, monga ana 200 amene analandira chakudya choonjezera ndi 200 amene sanalandire. Ponena za tsogolo la mwana mmodzi amene ali patsogolo pako, sanafike podalirika. Ndiponso nawo ali ndi njira yawo imene ulumali ungatseke. Mwana wachialubino, amene maso ake amanjenjemera mosalekeza, kapena mwana wa maso opingasa, makina otsata maso amavutika kumugwira. Mwana amene vuto lake loona lili muubongo osati m'diso akhoza kusayang'ana sikirini mpang'ono pomwe pamene kumva ndi kuzindikira mawu kwake kuli bwino. Sindikunenanso za magetsi.

Chida chimene ndingasankhe choyamba, ndikanapatsidwa mwayi, ndi chooneka chonyozeka kwambiri, choyezera makutu a khanda. Mu 1978 David Kemp wa ku London anaonetsa kuti khutu labwino likalandira phokoso limabweza kaphokoso kake kakang'ono, ndipo pa mfundo imeneyi panapangidwa kachipangizo ka m'manja kokhala ndi kampira kolowetsa m'khutu, kamene kamayeza khanda lili mtulo m'mphindi zochepa. Mayiko amene amayeza makanda onse amatsata lamulo loti mwana aunikidwe asanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi itatu, ndipo chithandizo chiyambe pofika miyezi 6. Kwathu ambiri timadalirabe kuomba m'manja kumbuyo kwa mwana, koma mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso: amaona chithunzithunzi chikuyenda pakhoma, amamva mphepo ya manjawo pakhosi, amaona nkhope ya mayi ake ikuyembekezera, ndipo amatembenuka. Amene amayesa amati akumva. Patapita zaka, mwana yemweyo amafika kwa ife atalembedwa kuti ndi wochedwa nzeru chifukwa analephera mafunso amene sanawamve. Ndiye chifukwa chake mwana aliyense wochedwa kulankhula, makamaka amene anadwalapo matenda oumitsa khosi kapena amatuluka mafinya m'khutu, ayenera kuyezedwa makutu asanayezedwe china chilichonse. Akapezeka kuti samva, pali mayeso osafuna mawu, monga a Leiter ndi a Raven, momwe mwana amasankha chidutswa chokwaniritsa chithunzi, ndipo malangizo ake amaperekedwa ndi manja.

Chida china chili kale m'matumba mwathu. Heinz Prechtl, amene anagwira ntchito ku Groningen ndi ku Graz, anaonetsa kuti mmene khanda limadzigwedezera lokha, lisanayambe kufuna kugwira kanthu, zimanena zambiri za ubongo wake. Pakati pa masabata 9 ndi 20 kuchokera tsiku limene linayenera kubadwa, khanda labwino likagonekedwa chagada, lili maso, losalira ndipo popanda womuseweretsa, limachita timagwedegwede ting'onoting'ono tosalekeza m'khosi, m'mapewa, m'manja ndi m'mapazi. Timeneti tikasowa, mwayi woti mwanayo ali ndi cerebral palsy umakhala waukulu kwambiri. Chofunika ndi kanema wa mphindi zitatu kapena zisanu, amene foni wamba ingajambule, ndi munthu wophunzitsidwa bwino kuwerenga kanemayo. Njira imeneyi ikaphatikizidwa ndi kuunika ubongo ndi kayendedwe ka thupi la khanda kotchedwa Hammersmith, komwe kuli zinthu 26 zoyesa ndipo malikisi ake amathera pa 78, vuto likhoza kudziwika mwana asanakwanitse theka la chaka, m'malo modikira kuti afike zaka ziwiri asakuyenda. Pamenepa mawu aja akuti m'mera mpoyamba ali ndi umboni wa sayansi kumbuyo kwake, chifukwa mafizo oyambika msanga amapeza ubongo ukadali wosavuta kuphunzira njira zatsopano, ndipo mfundo za thupi zisanaume. Chenjezo langa pa makanemawa n'lakuti khanda limajambulidwa lili ndi thewera lokha, choncho makolo ayenera kuuzidwa momveka amene adzaone kanemayo, ndipo asamayendetsedwe m'magulu a WhatsApp ngati chithunzi cha paukwati.

Zida zofala koposa zonse si makina kapena timatabwa ayi, koma mafunso ofunsa kholo. Ena mwa akale ndi Mafunso Khumi, amene anayesedwa ku Bangladesh, Jamaica ndi Pakistan pa ana a zaka 2 mpaka 9. Mu 2016 bungwe la UNICEF ndi gulu la akatswiri a ziwerengero za ulumali lotchedwa Washington Group anatulutsa mafunso atsopano amene safunsa kuti kodi mwana ndi wolumala, koma kuti kodi amavutika motani kuona, kumva, kuyenda, kuphunzira kapena kusewera, ndipo kholo limasankha pakati pa kusavutika, kuvutika pang'ono, kuvutika kwambiri ndi kulephereratu. Kusinthaku n'kwanzeru, chifukwa mayi amene sangavomere kuti mwana wake ndi wolumala amavomera mosavuta kuti amavutika kumva. Pa autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena, pali M-CHAT-R, mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, a ana a miyezi 16 mpaka 30. Mafunso ake okhudza kuloza ndi chala pofuna kuonetsa kholo chinthu chosangalatsa, kapena kutembenuka akaitanidwa dzina, amagwira ntchito kulikonse. Koma limodzi limapereka chitsanzo cha mwana wolira ndi phokoso la makina opopera fumbi m'nyumba, ndipo kuno uyenera kulisintha n'kunena za chigayo, jenereta kapena njinga yamoto ya kabaza. Kwa ana okulirapo vuto limakhala lina, poti mayeso ambiri a autism amaona ngati mwana akuyang'ana woyeza m'maso, pamene mwana woleredwa bwino kwathu akakumana ndi mlendo wamkulu amagwada, amazolika ndipo sayamba kulankhula asanafunsidwe. Woyeza wanzeru amamuonera patali akusewera ndi anzake.

Mayankho a mafunso otere amadaliranso amene akuyankha ndi zimene akuopa. Mayi amene kwa apongozi ake akumunena kuti ndiye anabweretsa tsoka, kapena bambo amene anansi akumunong'oneza kuti anakhwimira mwana kuti bizinesi iyende, amayankha kuti zonse zili bwino. Wina, poganiza kuti pepalalo ndi kalembera wa chithandizo, amakuza vuto. Nthawi zambirinso amene wabwera ndi mwana si amene amakhala naye tsiku lonse. Mayi amachoka mbandakucha kupita kumsika kukagulitsa, ndipo amene amadziwa kuti mwanayu akafuna madzi amachita chiyani ndi mchemwali wake wa zaka 9.

Pali nkhani ya chilankhulo, imene kuno ku Mzuzu ndi yaikulu kuposa ku Lilongwe kapena ku Zomba. Elizabeth Prado ndi anzake anakonza mndandanda wa mawu woyezera kukula kwa chilankhulo cha ana aang'ono m'Chichewa ndi m'Chiyao, momwe mayi amafunsidwa ngati mwana amanena liwu lililonse, ndipo ndi ntchito yabwino. Koma mwana wa ku Chiputula akhoza kumva Chitumbuka kwa mayi, Chitonga kwa bambo, Chichewa kwa anzake ndi pa wailesi, Chingerezi ku sukulu ya mkombaphala, mwinanso Chinkhonde kwa eni nyumba. Mawu ake amwazikana m'zinenero zonsezi, ndipo woyeza akawerenga a chinenero chimodzi chokha amapeza mwana wochedwa amene sanachedwe. Pepala likakhala la Chichewa kapena Chingerezi ndipo woyeza akumasulira pomwepo, aliyense amamasulira mwake, wina amafewetsa funso, wina amalilimbitsa, mwakuti ana awiri oyezedwa m'zipinda zoyandikana sanalembe mayeso amodzi. Ntchito yomasulira mosamala, kuyesa pa ana ambiri a kumpoto kuno ndi kusindikiza miyezo yake ndi yoyenera ophunzira ndi aphunzitsi a pa Mzuzu University ndi a pa sukulu ya zaumoyo ya St John of God, ndipo ndingasangalale kuiona ikukhala mitu ya kafukufuku wawo.

Makolo ayenera kuuzidwanso kusiyana kwa kuunika ndi kutsimikiza. Pamene MDAT inkayesedwa, inagwira ana 97 mwa 100 alionse amene analidi ndi ulumali wa muubongo, ndipo inamasula 82 mwa 100 alionse amene analibe vuto. Nambala yachiwiriyo ikutanthauza kuti ana 18 mwa 100 abwinobwino akhoza kulephera tsiku limenelo, mwina chifukwa cha manyazi, njala, tulo kapena malungo amene akuyamba. Pa chida chounikira zimenezi n'zovomerezeka, chifukwa ndi bwino kuitana ana ochuluka kuti akaonedwenso kusiyana ndi kuphonya amene akufunika thandizo, koma kulephera kuunika si dzina la matenda. Ngakhale GSED, chida chimene bungwe la WHO linatulutsa mu 2023 cha ana osapitirira miyezi 36, eni ake ananena poyera kuti ndi choyezera mmene ana a dera kapena dziko akukulira, osati chogamulira za mwana mmodzi.

Kuyeza kumakhala ndi phindu pokhapokha patakhala kopita nazo zotsatira. Kumpoto kuno malo alipo, ngakhale ndi otalikirana ndipo sakwanira: a St John of God ali ndi malo othandizira kakulidwe ka ana mumzinda muno, pa chipatala chachikulu cha Mzuzu pali mafizo, ana osamva amaphunzira ku Embangweni, ku Bandawe ndi ku Karonga, osaona ku Ekwendeni, ndipo m'sukulu zina za pulaimale muli aphunzitsi amene anakaphunzira ntchitoyi ku Montfort, ku Nguludi. Onsewa amalandira mwana pamodzi ndi pepala lake, ndipo pepala longolembedwa kuti wochedwa kwambiri siliwathandiza kudziwa poyambira. Limene limathandiza ndi lonena chida chimene chinagwiritsidwa ntchito, chinenero chimene mwana anafunsidwira, amene anayankha mafunso a kholo, ngati makutu ndi maso zinayezedwa kale, njira imene mwana anayankhira, kaya ndi manja, mawu, maso kapena chinenero chamanja, ndiponso zinthu zimene anatha, chifukwa mphunzitsi amayambira pa zimenezo. Liyeneranso kukhala ndi tsiku lodzayezanso. Malikisi a mwana wosakwana zaka ziwiri amasintha kwambiri, ena okwera ena otsika, ndipo mwana amene watuluka m'chipatala atachira malungo a muubongo akhoza kuoneka wabwinobwino pa tsikulo, khunyu kapena kusakhazikika n'kudzaonekera patapita miyezi ingapo, nthawi imene banja linabwerera kale ku Mpherembe kapena ku Usisya.